Miyala ya Azakhali a Gertrude

Sikisi koloko inatipeza tili pakati pa munda, thumba lachiwiri la nandolo litafika kale m'khosi. Nandolo wouma amafuna kumuthyola mame asanaume, chifukwa dzuwa likakwera makoko amathetheka m'manja, mbewu n'kumwazikira pansi. Ine ndinali ndi mwana kumsana. Azakhali a Gertrude anali patsogolo panga, akuthyola ndi manja onse awiri, osacheuka. Unali mwezi wa Seputembala mu 2018, ndipo tonse awiri timadziwa kuti aka n'komaliza iwo kukolola m'munda umenewu. Mvula ikadzagwa, wodzala m'menemo adzakhala ine.

A Gertrude anali akazi a amalume anga a Mailosi, mlongo wawo wa amayi. Kwawo ndi ku Nsanje, kutsidya kwa Shire cha ku Makhanga. Amalume anawapeza nthawi imene ankadula nzimbe ku Nchalo, ndipo anabwera nawo kuno ku Lirangwe mu 2006, ine ndili sitandade thuu. Kwathu kuno mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, moti mkazi wotengedwa kuchokera kutali chonchi anthu anabwera kudzamuona ngati kwabwera kanema. Iwo anagwada patali, naomba m'manja, ndipo aliyense akawafunsa za ulendo amangoyankha kuti "pyadidi", kutanthauza kuti zili bwino m'Chisena. Pofika madzulo ana tonse tinali tikuwaitana kuti a Pyadidi. Dzinalo silinachoke.

M'mawa mwake anatenga ndowa kuti akatunge madzi. Amayi anathamanga n'kuwalanda. "Siyani alamu, ndinu alendo. Chisoni alipo, apita." Ndinapita ndine. Kuno mlendo sitimutuma, wotumidwa ndi mwana wapakhomo. Amayi ankachita zaulemu, ndipo a Gertrude nawo anaona ngati ulemu.

Mwamuna kuno sakhala ndi munda kwa amake, amalima kwa mkazi wake. Ndiye amalume atabwera ndi banja, anganga anasowa powapatsa. Anawalozera kamtunda ka kuseri kwa manda, kamiyala kokhakokha, kamene ngakhale mbuzi sizinkachedwapo. Anati, "Mubalima apa." A Gertrude anandiuza pambuyo pake kuti tsiku limenelo anaseka, chifukwa kwawo mwala m'munda anali asanauonepo. Dothi la kwawo ndi lofewa, madzi a Shire amalibweretsa okha, ndipo salima mizere, amangobaya n'kudzala. Chaka choyamba anachita momwemo. Mvula yachiwiri inakokolola mbewu zonse mpaka kumsewu. Kumjigo anthu anaseka mwezi wathunthu.

"A Pyadidi, chimanga chanu tachiona chikudikira minibasi ya ku Lunzu!"

"Musiyeni, kwawo amadya nyika za m'madambo, chimanga achidziwira kuti?"

Iwo ankaseka nawo. Sindinawaonepo akubweza mawu.

Amene anawaphunzitsa kuunda mizere anali abiti Sefu, mayi wachisilamu wa nyumba yoyandikana nawo, amene anachokera ku Machinga ndi amuna awo che Lajabu kudzagulitsa usipa ndi mchere pamsika wa Lirangwe. Koma za miyala a Gertrude anaziganiza okha. Anayamba kuitola ndi dengu, kusenza pamutu, n'kumaiyala mopingasa chitunda, mzere pamwamba, mzere pakati, wina m'munsi. Chilimwe chilichonse ena akupuma, iwo ali ndi dengu. Amalume anali atagula njinga n'kuyamba kabaza, ndiye kumunda amabwera Loweruka lokha. Mimba ya mwana wawo woyamba, Connie, anaitolera miyala, ya mng'ono wake Tadala chimodzimodzi. Ndowe za mbuzi ankapempha m'makola a anthu, eni ake n'kumati, "Tengani, mwatisesera." Pang'ono ndi pang'ono dothi linayamba kuima kuseri kwa miyala ija. Patapita zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chimanga cha pakamtunda kaja chinkabisa munthu wamtali. Alangizi anabwerapo ndi anthu a ku Chigaru kudzawaonetsa. Tsiku limenelo ndinamva amayi anga akuuza alendowo kuti, "Munda wa kwathu umenewu."

Pofuna kukhala munthu wa kuno, a Gertrude palibe chimene anasiya. Maliro akagwa, nkhuni zoyamba kufika pasiwa zimakhala zawo. Analowa Mvano. Mapira amene anabwera nawo m'kansalu kuchokera kwawo anasiya kudzala, poti anthu ankadandaula kuti akuitana mbalame. Chisena anachisiyiratu, ngakhale ana awo sanawaphunzitse, moti Connie amalankhula ngati ine ndemwe. Komabe pakakhala nkhani ya pabanja, ya ukwati kaya ya matenda, akuluakulu akamalowa m'nyumba wina amati, "Alamu, tationerani pamotopo." Iwo n'kutsala panja. Pachinkhoswe changa anaphika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, koma zimene anakambirana ankhoswe anazimva kwa ine.

Tsiku lina mu 2012 ndinali pakhonde pawo ndikuluka Connie tsitsi. Abiti Sefu anabwera n'kukhala pamtondo.

"Make Connie, mawa tipitire limodzi kwa amfumu. Kutsidya kwa mtsinje kuja akugawa malo. Ife tinapempha, anatipatsa. Mungotenga nkhuku imodzi basi."

"Ndikapemphe malo ngati ndani?"

"Ngati obwera. Inu ndi ine tasiyana pati?"

"Ine si wobwera, ndine wokwatiwa. Bambo a Connie anapereka mbuzi kwa abambo anga, anthu akuona. Kwathu mkazi wokapempha munda wakewake ndiye kuti akuuza mudzi kuti banja latha."

"Kwanuko. Kuno mbuzi zimenezo zinangopita kokaona Shire, mayi. Miyala mukutolayi mukutolera ana a alamu anu. Uyu akuluka tsitsiyu."

Anandiloza ine. Ndinaseka, poti ndinali mwana, zaka folotini. A Gertrude sanaseke. Anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo panapita masabata awiri osapatsana moni ndi abiti Sefu. Amalume atamva anati, "Angakuchotse ndani ine ndilipo? Anthu ogulitsa usipa amalankhula zambiri." Nkhani inathera pomwepo. Malo a kutsidya aja anagawidwa onse.

Mu Januwale 2015 madzi anasefukira kwawo. Mudzi umene anabadwira unakwiririka ndi mchenga, mtsinje unasintha njira n'kudutsa pamene panali minda ya abambo awo. Achimwene awo a Zuze anapulumukira mumtengo, kenako anasamukira kumtunda, pamalo opemphanso kwa eni ake. A Gertrude analira masiku atatu, ndiye anapukusa chimanga cha m'munda wa miyala uja n'kutumiza pa lole. Ndikukumbuka akumanga thumba, akunena kuti, "Mwayi wake ine kwathu ndi kuno. Akanadya chiyani abale anga?"

Amalume anamwalira mu Novembala 2017. Lole inawagunda pamsewu waukulu akuchokera kokasiya munthu. Tinawaika m'manda omwe aja oyandikana ndi munda, ndipo azakhali analima okha chaka chimenecho, akuona mtumbira wa amuna awo nthawi iliyonse akaweramuka.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, amalume aakulu a Willie, amene ndi mwinimbumba wathu, anatumiza uthenga kuchokera ku Madziabango kumene anakwatira kuti abwera Lamulungu kudzamaliza za maliro. A Gertrude anasesa bwalo, anapha tambala, anavala chitenje chawo cha Mvano. Kwawo, pamsonkhano wotere ndi pamene abale a mwamuna amasankha woyang'anira ana ndi nyumba ya malemu. Iwo ankayembekeza zimenezo. Anandiuza dzulo lake kuti, "Akhale a Willie omwewo, Connie amawakonda."

Tsiku limenelo anawalowetsa m'nyumba. Kanali koyamba. Ine ndinakhala pafupi ndi chitseko ndikuyamwitsa.

A Willie si munthu wankhanza. Anayamba ndi kuyamikira nkhuku, anakumbutsa mmene a Mailosi ankagwera panjinga akuphunzira, anthu anaseka. Kenako anavula chipewa.

"Alamu, mwatisungira m'bale wathu zaka khumi ndi chimodzi. Mwamulira mokwanira. Lero takumasulani. Ndinu mfulu, mutha kubwerera kwanu, mukapeza banja lina ife tilibe mawu."

A Gertrude anayang'ana amayi, anayang'ana ine.

"Kwathu kuti, alamu?"

"Ku Nsanje, alamu."

"Nanga ana?"

"Ana ndi anu. Ife sitilanda ana a munthu."

"Si anga. Ndi a Mailosi. Anapereka mbuzi."

A Willie anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Mbuzi zimenezo anapereka yekha, ife zolowola sitizidziwa. Magazi ndi ake, inde, koma mbumba yanga ndi ana a alongo anga awa. Mwinimbumba wa Connie ndi achimwene anu. Musaone ngati nkhanza, alamu. Inenso ku Madziabango ndine mkamwini. Mayi akunyumba atatsogola lero, mawa ndinyamula jekete langa n'kubwera kuno, nyumba ndinamanga ndekhayo n'kuisiya."

"Inu muli nako kobwerera."

Kenako amayi anakonza pakhosi n'kunena za munda. Anati anganga anangowabwereka, aliyense akudziwa. Anati Chisoni pano ali pabanja, ali ndi mwana, ndipo iye ndi amuna ake akulima kachigawo ka amake kosakwana n'kudya komwe. Anati nandolo ali m'mundamo akolole, ndi wawo, ndipo m'nyumbamo akhale mpaka atapeza pogwira.

Ine ndinalankhula kamodzi. Ndinati, "Bwanji tigawane pakati, iwo kumtunda ine kumunsi?" A Willie anati, "Mwana wanga, lero ndi chifundo. Mawa Connie akwatiwa, abweretsa mwamuna, abereka ana aakazi. Ana ako adzalima pati? Milandu imeneyo idzapeza ine nditafa, idzakhala yako." Ndinene zoona, munda ndinkaufuna. Amuna anga a Sankhani anali atauzungulira kale kawiri, manja kumbuyo. Chaka chapitacho chimanga chathu chinatha mu Okutobala, ndipo mwana ndinamuyamwitsa ndikudya madeya. Sindinakane.

Madzulo ake abiti Sefu anabwera ndi foni, naimbira a Zuze, n'kuika pokweza mawu kuti tonse timve. A Gertrude analankhula Chisena, ine koyamba kuwamva akuchilankhula nthawi yaitali chonchija, ndipo Connie ankawayang'ana ngati akuona munthu wina. A Zuze anayankha mosakaniza ndi Chichewa, mwina kuti ifenso timve.

"Ana amenewo ndi a kwa Mailosi. Mbuzi zawo tinalandira, abambo anamwalira akudziwa choncho. Ine ndingatenge bwanji ana a eni? Ndiponso ndiwaika pati? Pano ndili pamalo opempha, chimbudzi chomwe tikubwereka. Iweyo ukafuna bwera wekha, udzagona ndi alamu ako kukhitchini. Koma ana asiye kwa abambo awo."

Foni itaduka abiti Sefu sananene kuti ndinakuuzani. Anangotenga mpango wawo n'kupukuta Tadala kumaso. M'mawa mwake anagwira nkhuku yawoyawo n'kupita ndi a Gertrude kwa amfumu. Amfumu anawalandira bwino, anapepesa, anati malo anatha kalekale, ngakhale adzukulu awo akukanganirana m'malire. Nkhuku anabwerera nayo. Che Lajabu anati kuli anthu kuboma amene amathandiza amayi amasiye, apite akadandaule. A Gertrude anakana. "Ndikasumire abale a Connie? Ndikapambana ndidzalima, koma mwanayu adzalowanso pakhomo pa ndani?"

Mawu a akuluakulu ana amawatola msanga. Sabata yomweyo Connie anakangana ndi mwana wa achemwali anga pa nkhani ya fulaye, winayo n'kumuuza kuti, "Uzipita kwanu ku Nsanje." Connie anabwera kwa ine, osati kwa amake. Anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ku Nsanje anali asanapiteko n'kamodzi komwe.

"Achemwali, kodi ife kwathu ndi kuti?"

Ndinamuuza kuti asamvere zonena ana. Anandiyang'ana, n'kubwerera.

Ndiye tinafika m'mawa wa nandolo uja. Ndinapita kukawathandiza osaitanidwa, ndipo iwo sanandibweze. Matumba atadzadza anati, "Chiso, tabwera." Ananditengera kumtunda kwenikweni, pamzere woyamba wa miyala, umene tsopano umafika m'mawondo.

"Apa madzi amabwera ndi mphamvu kuchokera kumanda. Chaka chilichonse mvula isanagwe uzionapo, ukapeza mwala wasuntha ubwezere. Waukulu pansi, ting'onoting'ono totsekera m'mipata. Ukangolekerera chaka chimodzi, dothi lonseli ukalipeza kumsewu."

Tinatsika mzere ndi mzere. Anandionetsa pamene pamabisala chiswe, pamene maungu amachita bwino, pamene sipafuna feteleza wambiri chifukwa anathirapo ndowe zaka zisanu zotsatizana. Anati mapesi ndisamawotche. Anati a Sankhani asadzayese kugumula mizere kuti apeze miyala ya maziko a nyumba, amuna amaganiza choncho. Amalankhula ngati akundisiyira mwana wodwala. Ine misozi inali ikugwera pa chitenje.

"Azakhali, mundikhululukire."

"Wandilakwira chiyani iwe? Unali ndi zaka zingati ine ndikuyamba kutola miyalayi?" Anakhala pamwala, navula mpango n'kuukutumula. "Abiti anandiuza, ine ndinamva ngati chipongwe. Chimene ndimaganiza n'chakuti ndikanausiya ndi miyala yake, bwenzi pano ndikulimabe. Akanaufuna ndani?"

Zinali zoona.

Anandiuza kuti apeza kachipinda ka lendi ku Chileka, kudzera mwa mayi wina wa Mvano. Kumeneko kuli amayi amene amaphwanya miyala m'mbali mwa msewu n'kumagulitsa kwa omanga nyumba, ndipo anati awapatsa pokhala ndi hamala yobwereka. Ndinati ntchito imeneyo imapweteka chifuwa. Anaseka pang'ono. "Miyala ndiye ndimaidziwa." Za sukulu ya Connie anati akaona konko.

Ananyamuka Lachinayi. Nandolo anagulitsa pamsika, mbuzi ziwiri anasiya kwa abiti Sefu. Amayi anawapatsa ufa m'kathumba ndipo analira zenizeni, n'kumati, "Muzibwera alamu, muzidzationa." A Gertrude anagwada n'kuthokoza ngati tsiku lija anafika. Asanapite kumsewu anadzera kumanda, ana awiri m'mbuyo, osakhalitsako.

Ine ndinawaperekeza mpaka pasiteji, nditasenza mphasa ndi ndowa yawo, mapoto ali m'kati. Dzuwa linali litakwera. Kondakitala anaponya katundu kumbuyo, akukuwa kuti Lunzu, Lunzu, Kameza. Connie anakwera osandiyang'ana, anakhala pawindo n'kumuika Tadala pamiyendo. A Gertrude anali ataponda kale pakhomo la minibasi, kenako anatsikanso, nandikokera pambali.

"Chiso, sindikupempha munda. Ulime, ana ako adye."

"Mayi, tikupita kapena mukutsala?" anatero kondakitala.

Iwo sanamucheukire. Anandigwira pamkono, dzanja lawo lokhakhala ngati chikwanje chakale.

"Connie adzabwera kuno. Kaya liti, kaya ali ndi mwana kumsana, kaya ine kulibe. Alibe kwina kumene akudziwa, ndipo abambo ake agona apo. Akadzafika pakhomo pako usadzamuyalire mphasa. Usadzamufunse kuti mwayenda bwanji alendo. Udzamuitane dzina lake, umupatse ndowa, umuuze kuti madzi atha m'nyumba muno, thamanga kumjigo."